Mafunso ndi mayankho: momwe makamera ndi makina osindikizira anaumbira utolankhani wa zithunzi

Tikamakamba za zithunzi zotchuka za m'nyuzipepa timathamangira kuyamikira wojambulayo, kuti anali wolimba mtima, anali ndi diso lakuthwa, anafika pamalopo nthawi yabwino. Zonsezo ndi zoona. Koma pali mbali ina imene imaiwalika kawirikawiri, nayo ndi chida chimene munthuyo anali nacho m'manja komanso makina amene ankadikira chithunzicho kuti chifike pa pepala. Zimene anthu a nthawi iliyonse anaona, ndi zimene sanaone n'komwe, zambiri zinkatengera zida zimenezi. M'munsimu muli mafunso amene anthu amakonda kufunsa pa nkhaniyi.

Kodi utolankhani wa zithunzi unayamba pomwe kamera inangopangidwa?

Ayi, ndipo mpata wake ndi waukulu, zaka 40 mpaka 60. Njira ya Louis Daguerre inalengezedwa ku Paris mu 1839, koma chithunzi chake chinkatuluka pa kachitsulo kamkuwa kopakidwa siliva, chimodzi chokha basi, panalibe negativu yoti uchulukitsire. Komanso kamera inkafuna kuti chinthu chikhale phee kwa mphindi zingapo kuti kuwala kulowe kokwanira. Pali chithunzi chodziwika chimene Daguerre anajambula cha msewu wa Boulevard du Temple, msewu wodzaza ngolo ndi anthu, koma pachithunzipo ukuoneka wopanda kanthu chifukwa chilichonse choyenda sichinagwidwe, amene akuoneka ndi munthu amene anaima pakona akupukutitsa nsapato. Nde taganizani, nkhani zambiri ndi zinthu zoyenda, moto, zionetsero, nkhondo, ngozi, ndiye kamera yoti imangoona zinthu zoima ingakuthandize bwanji?

Ku England William Henry Fox Talbot anabwera ndi negativu ya pepala, imene inkalola kutsuka makope ambiri kuchokera pa chithunzi chimodzi. Linali phazi lalikulu ndithu, koma vuto lenileni linali kwina. Makina osindikizira ankadziwa zinthu ziwiri zokha, pomwe pali inki ndi pomwe palibe. Chithunzi chili ndi mitundu yotuwa yambirimbiri pakati pa kuda ndi kuyera, ndipo panalibe njira yoiuzira makinawo.

Nanga zithunzi zimene timaona m'nyuzi zakale za m'ma 1850 zinali chani?

Zinali zogoba pamtengo. The Illustrated London News inayamba mu 1842, L'Illustration ya ku Paris mu 1843, Harper's Weekly ya ku New York mu 1857, ndipo zonsezi zinkalemba ntchito anthu aluso amene ankatenga chithunzi cha kamera kapena chojambula pamanja n'kuchikopera pa thabwa lolimba, kenako n'kugoba mzere ndi mzere. Chikakhala chachikulu ankaduladula thabwalo, aliyense agobe chigawo chake, pomaliza n'kulumikiza ndi mabawuti. Pansi ankalemba kuti chachokera pa chithunzi cha kamera cholinga owerenga akhulupirire, koma wogobayo ankatha kuwonjezera anthu, kuchotsa zosokoneza, kukometsa nkhope, kuika utsi pomwe panalibe. Ndekuti wowerenga ankaona dzanja la munthu wachiwiri, osati zimene lenzi inaona.

Bwanji zithunzi za nkhondo zakale zimangoonetsa mahema, akuluakulu ataima chilili kapena mitembo, osaonetsa nkhondo yeniyeniyo?

Apa mpomwe mphamvu ya chida imaonekera poyera. Kuyambira 1851 ojambula ankagwiritsa ntchito njira ya Frederick Scott Archer, yojambula pa galasi lonyowa. Unkayenera kupaka mankhwala pa galasi mumdima, kuthamanga nalo kukaliika mu kamera, kujambula, kubwerera mumdima kukatsuka, zonsezi lisanaume, mphindi 10 kapena 15 zisanathe. Ndiye chipinda chamdima chinkayenera kukhala pafupi nawe kulikonse ukupita. Roger Fenton atapita ku nkhondo ya ku Crimea mu 1855 anatenga ngolo yokokedwa ndi akavalo imene kale inali ya wogulitsa vinyo, anaisandutsa chipinda chamdima, ndipo anabwerako ndi zithunzi pafupifupi 360. Palibe olo chimodzi choonetsa anthu akumenyana. Kunkatentha, mankhwala ankauma msanga, ngoloyo inkaonekera patali moti adani ankatha kuiombera. Tisanamizirenso zonse kamera, Fenton anachita kusankha kusajambula mitembo, zithunzizo zinali zokagulitsa kwa anthu a ku Britain amene abale awo anali kunkhondoko.

Ku America zinapita patali. Mu 1862 Alexander Gardner, amene ankagwira ntchito kwa Mathew Brady, anajambula mitembo ya asilikali nkhondo ya ku Antietam itangotha, ndipo zithunzizo zinaonetsedwa ku New York anthu n'kumakhamukirako, ambiri kanali koyamba kuona mmene imfa ya kunkhondo imaonekera. Mitembo siyenda, nchifukwa chake kamera inkaitha. Ndipo poti wojambula ankafika zinthu zitachitika kale, chiyeso chokonza malo chinali chachikulu. Akatswiri a mbiri anadzapeza kuti mtembo wa msilikali wina ku Gettysburg mu 1863 ukuoneka pa malo awiri osiyana, kutanthauza kuti ojambula anausuntha n'kuuikira mfuti pambali. Za Fenton naye anthu akhala akukangana, chifukwa pali zithunzi ziwiri za msewu umodzi, china zipolopolo za mizinga zili mumsewu china zili m'mbali mokha.

Ndiye chinasintha n'chani kuti chithunzi chenicheni chifike pa pepala la nyuzi?

Timadontho. Kwa ine iyi ndiye nkhani yaikulu kuposa kamera iliyonse imene titchule pano, ngakhale sikambidwa kwambiri. Njirayi imatchedwa halftone. Chithunzi chimajambulidwanso kudzera pa galasi lokhala ndi timizere tosanjikizana, ndipo chimasanduka timadontho ting'onoting'ono, pomwe pali pakuda timadontho timakhala tikulutikulu mpaka kugundana, pomwe pali powala timakhala tochepa. Makina akusindikizabe inki yakuda yokhayokha, koma diso likaona patali limasakaniza lokha n'kuona zotuwa. Mukatenga nyuzi iliyonse lero n'kuyang'anitsitsa pafupi muona timadonthoto.

Nyuzi ya New York Daily Graphic inasindikiza chithunzi cha mtundu umenewu pa 4 March 1880, choonetsa tizisakasa ta anthu osauka mumzindawo, ntchito ya Stephen Horgan. Koma sizinagwire pompo. Makina othamanga a nyuzi zikuluzikulu ankasindikiza ndi zitsulo zopindika, pepala linali lotsika mtengo lomwa inki, eni nyuzi ena ankaona ngati zithunzi zitsitsa ulemu wa nyuzi yawo, komanso ogoba matabwa aja ntchito yawo inali pachiswe. Mpaka 1897 mpomwe New York Tribune inakwanitsa kusindikiza halftone pa makina othamanga, ndipo mu 1904 Daily Mirror ya ku London inayamba kudzaza masamba ake ndi zithunzi za kamera tsiku ndi tsiku. Nthawi yomweyi magalasi ouma, amene Richard Leach Maddox anayambitsa mu 1871, anali atafala, unkagula okonzakonza, kujambula mwachangu n'kudzatsuka madzulo. Ziwirizi zitakumana mpomwe ntchito ya wojambula wa nyuzi inabadwa.

Usiku kapena m'nyumba ankajambula bwanji?

Poyamba sankajambula n'komwe, ndipo izi zikutanthauza kuti moyo wa anthu ogona m'tizipinda tamdima sunkaoneka paliponse. Mu 1887 ku Germany Adolf Miethe ndi Johannes Gaedicke anapanga ufa wa magnesium umene ukauyatsa unkang'anima kwambiri. Jacob Riis, mtolankhani wa nkhani za kupolisi ku New York, atamva za ufawu anayamba kulowa nawo usiku m'nyumba zothinana za anthu obwera kuchokera kunja, kuyatsa, kujambula, kutuluka anthu akadali odabwa ndi utsi. Mwiniwake anavomera kuti anayatsapo moto m'nyumba za anthu. Zithunzi zake zinathandiza kuti malamulo a nyumba asinthe, koma tiyeneranso kunena kuti ambiri mwa anthuwo sanafunsidwe, anangodzidzimutsidwa ali m'tulo, ndipo nkhope zodabwa zimene timaona ndi za fulashiyo osati za umphawi wokha.

Mababu a fulashi anabwera cha m'ma 1930, opanda utsi, koma babu limodzi chithunzi chimodzi, ukajambula ulichotse likuotcha uike lina. Kamera ya nthawi imeneyo m'nyuzi za ku America inali Speed Graphic, chibokosi cholemera chogwiritsa ntchito filimu ya mainchesi 4 kwa 5, ndipo choikamo filimu chinkanyamula ziwiri zokha. Nde wojambula ankadikira, kuyerekeza mtunda, kudina kamodzi pa nthawi yake. Wojambula wina wotchedwa Weegee ankayenda nayo usiku ku New York ali ndi wailesi ya apolisi m'galimoto, ndipo maonekedwe a zithunzi zake, nkhope yoyera mbuu kumbuyo kuli bii, ndi a babu lija. Chithunzi cha Joe Rosenthal cha asilikali akudzutsa mbendera ku Iwo Jima pa 23 February 1945 chinatuluka mu kamera yomweyi.

Kodak inathandizapo chani, poti inali ya anthu wamba?

George Eastman anatulutsa Kodak mu 1888 pa mtengo wa madola 25, muli kale filimu ya zithunzi 100, ikatha unkatumiza kamera yonse ku fakitale ku Rochester akutsukire n'kukuikiramo ina. Mu 1900 kunabwera Brownie ya dola imodzi. Ojambula a nyuzi sanaikonde kwenikweni, koma inaika umboni m'manja mwa anthu amene sanali atolankhani. Chitsanzo chopweteka mtima ndi cha Alice Seeley Harris, mmishonale wa ku Britain amene ankakhala ku Congo nthawi ya Mfumu Leopold II ya ku Belgium. Ndi kamera ya Kodak anajambula anthu odulidwa manja pa nkhani ya mphira, kuphatikizapo chithunzi cha 1904 cha bambo atakhala pansi akuyang'ana dzanja ndi phazi la mwana wake. Zithunzizi zinkaonetsedwa pakhoma m'misonkhano ku Britain ndi ku America, ndipo zinali m'gulu la zinthu zimene zinachititsa kuti mu 1908 dzikolo lichoke m'manja mwa Leopold. Mawu a mboni ankawakana kuti ndi mabodza, chithunzi chinali chovuta kukana.

Anthu amatamanda Leica kwambiri. Ndi zoona kuti inasintha zonse?

Inasintha zambiri, inde, koma siinali yokha ndipo sizinachitike tsiku limodzi. Mu 1924 kunatuluka Ermanox, kamera yaing'ono ya lenzi yaikulu yolowetsa kuwala kochuluka, moti unkatha kujambula m'nyumba popanda fulashi. Erich Salomon wa ku Berlin ankavala suti yapamwamba n'kulowa nayo m'makhothi ndi m'misonkhano ya nduna za maiko, pena ataibisa m'chipewa, n'kujambula akuluakulu atatopa, akusinza, akukangana pakati pa usiku. Anthu anali asanaonepo atsogoleri awo chonchi, anazolowera kuwaona ataima mowongoka akuyang'ana kamera. Salomon anadzaphedwa ku Auschwitz mu 1944.

Leica inayamba kugulitsidwa mu 1925, nzeru za Oskar Barnack wa kampani ya Leitz ku Wetzlar, amene anatenga filimu ya 35mm ya kanema n'kuipangira kamera yokwana m'thumba la jekete. Zithunzi 36 pa mpukutu umodzi, yosaphokosera, umaiika padiso osati pamimba. Chimene chinasintha si kukula kokha koma khalidwe la wojambula. Tsopano ankatha kulowa pakati pa anthu, kuyenda nawo, kujambula motsatizana n'kudzasankha pambuyo. Henri Cartier-Bresson, Robert Capa, Gerda Taro, Alfred Eisenstaedt, onsewa ndi ana a kamera zing'onozing'ono zimenezi, Leica, Contax ndi Rolleiflex. Koma akonzi a nyuzi zambiri za ku America anakakamirabe Speed Graphic mpaka m'ma 1950, ankati negativu yaing'ono ikakulitsidwa imatuluka mchengamchenga, komanso negativu yaikulu unkatha kuidula mmene ukufunira.

Nanga magazini ngati Life anachokera kuti?

Anachokera ku makina osindikizira abwino kukumana ndi kamera zing'onozing'ono zija. Ku Germany m'ma 1920, magazini ngati Berliner Illustrirte Zeitung ndi Münchner Illustrierte Presse anayamba kufotokoza nkhani ndi zithunzi zingapo zosanjidwa pamasamba awiri, chachikulu chotsegulira, zing'onozing'ono zotsatira, mawu ochepa. Ku France kunali Vu kuyambira 1928. Njira ya rotogravure, imene inki imakhala m'timaenje pa chitsulo chozungulira, inkatulutsa zithunzi zakuya bwino komanso makope ambirimbiri. Hitler atalowa mu 1933 akonzi ndi ojambula ambiri anathawa n'kupita nalo luso lija ku London, Paris ndi New York. Stefan Lorant, amene anali mkonzi ku Munich, ndi amene anayambitsa Picture Post mu 1938.

Life ya Henry Luce inatuluka koyamba pa 23 November 1936, pachikuto pali chithunzi cha Margaret Bourke-White cha damu la Fort Peck. Chinsinsi chake chinali pepala lonyezimira ndi inki youma msanga ndi kutentha, kuti makina athamange chithunzi osafufutika, ndipo m'miyezi yochepa inkagulitsa makope opitilira 1 miliyoni pa sabata. Magazini otere anali ndi ndalama zotumiza munthu kukakhala masabata pa nkhani imodzi, monga W. Eugene Smith amene mu 1948 anatsatira dokotala wina wa ku Colorado kwa masabata atatu. Ku South Africa Drum inayamba mu 1951 ndipo inakuza ojambula ngati Bob Gosani, Peter Magubane ndi Ernest Cole. Mu 1947 Capa, Cartier-Bresson, George Rodger ndi David Seymour anakhazikitsa bungwe la ojambula la Magnum cholinga choti negativu zikhale za wojambula osati za magazini. Nyengo imeneyi inatha otsatsa malonda atasamukira ku wailesi ya kanema, Picture Post inatsekedwa mu 1957, Look mu 1971, Life ya pasabata mu 1972.

Kulibe intaneti, chithunzi chinkachoka bwanji kunkhondo kukafika ku nyuzi?

Kwa nthawi yaitali chinkayenda ngati katundu, pa sitima yapamadzi, yapamtunda, kenako pa ndege. Filimu ya Capa ya pa 6 June 1944 ku gombe la Omaha ku France inawoloka nyanja kupita ku England, kukatsukidwa ku London, kudutsa kwa asilikali oona zoti zituluke, kukwera ndege ya ku New York, ndipo inatuluka mu Life ya pa 19 June. Zithunzi 11 zokha ndi zimene zinadziwika.

Koma njira ya waya inalipo kale. Arthur Korn ku Germany ndi Édouard Belin ku France anayamba kutumiza zithunzi pa waya zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndipo pa 1 January 1935 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press (AP) linatsegula Wirephoto yolumikiza nyuzi zambiri nthawi imodzi, chithunzi choyamba chinali cha ndege yogwa kumapiri a Adirondack. Chithunzi chotsuka kale ankachikulunga pa kachitsulo kozungulira, kanyali n'kumawerenga mzere ndi mzere, kuwalako kusanduka phokoso loyenda pa waya wa telefoni, kwinako makina n'kulembanso pa pepala la zithunzi. Chimodzi chinkatenga mphindi 8 kapena kuposerapo, ndipo waya ukasokonezeka pankatuluka mizere uyambirenso. Izi zinaumba kajambulidwe. Poti waya ndi wodula komanso wochedwa, unkasankha chimodzi kapena ziwiri, zoonekera bwino, zopanda tinthu tambiri, zoti zinene nkhani yonse pazokha. Chizolowezi choti chochitika chachikulu chilichonse chili ndi chithunzi chake chimodzi chimene dziko lonse likuchidziwa, mbali yaikulu chinachokera apa. Mpaka m'ma 1980 ojambula ankayendabe ndi mabokosi a mankhwala n'kusandutsa bafa ya muhotela chipinda chamdima.

Bwanji zithunzi zamitundu zinachedwa chonchi m'nyuzi?

Filimu yake inalipo kale, Autochrome ya abale a Lumière mu 1907, Kodachrome mu 1935. Koma Kodachrome inkafuna kuwala kwambiri ndipo kutsuka kwake kunali kovuta, unkatumiza ku malo apadera, pomwe filimu yakuda ndi yoyera ngati Tri-X, imene inatuluka ya 35mm mu 1954, unkajambulira kukuda n'kutsuka wekha m'mphindi zochepa. Kusindikiza nako kunkafuna kugawa chithunzi kanayi, inki yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda, ndipo zikangophonyana pang'ono nkhope inkatuluka ndi maso anayi. Pa waya unkatumiza katatu. Magazini a pasabata ankakwanitsa, Larry Burrows anaonetsa nkhondo ya ku Vietnam m'mitundu mu Life kuyambira 1963, magazi akuoneka ofiira. Nyuzi za tsiku ndi tsiku zinadikira makina atsopano osindikizira otchedwa offset, USA Today inayamba mu 1982 ndi mitundu ponseponse, ndipo New York Times inaika chithunzi chamitundu patsamba loyamba mu October 1997.

Pali chinanso chimene sindikufuna tichidumphe. Kwa zaka zambiri filimu yamitundu ndi makina otsukira zinkayesedwa ndi khadi lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndiye khungu loyera linkatuluka bwino, lakuda linkangomira, maso ndi mano okha kuoneka. Ofufuza analemba kuti madandaulo amene anamveka kwambiri anali a makampani a chokoleti ndi a mipando yamatabwa, amene katundu wawo wabulauni sankaoneka bwino pa malonda. Ndekuti mmene anthu akuda ankaonekera m'magazini a dziko lonse zinkatengera zosankha za anthu ochepa mu labotale.

Kodi ndi zoona kuti ena ankabisa kamera kapena filimu?

Ndi zoona, ndipo kamera ikachepa mpomwe zinatheka. Mu January 1928 Tom Howard anamangirira kakamera pa kakolo n'kujambula Ruth Snyder akuphedwa pa mpando wa magetsi ku ndende ya Sing Sing, Daily News n'kudzaza nacho tsamba loyamba. Peter Magubane anabisapo kamera mkati mwa buledi kuti apolisi a tsankho asaione. Sam Nzima atajambula Hector Pieterson, mwana wasukulu woomberedwa ndi apolisi, atanyamulidwa ku Soweto pa 16 June 1976 anachotsa filimu n'kuibisa mu sokosi, apolisi anaononga zina zonse koma iyo inapulumuka n'kutuluka mu nyuzi ya The World. Ku Beijing mu 1989 Charlie Cole anabisa filimu ya munthu woima kutsogolo kwa akasinja mu thanki ya chimbudzi cha muhotela.

Nikon ndi makamera a ku Japan analowa liti?

Nthawi ya nkhondo ya ku Korea, David Douglas Duncan wa Life atayesa malenzi a Nikkor a kampani ya Nikon mu 1950 n'kuona kuti ndi akuthwa, anzake anatsatira. Nikon F ya 1959 unkaona kudzera mu lenzi yeniyeniyo, kusintha malenzi atali ndi afupi mosavuta, kuikanso mota yokoka filimu, ndipo inali yolimba moti ya Don McCullin inagwira chipolopolo ku Cambodia iye n'kupulumuka. Malenzi atali anathandiza pa masewera ndi pa nkhondo, koma ndi omwewonso anapatsa mphamvu osaka anthu otchuka kuwajambula ali kutali osadziwa.

Digito inabwera bwanji, ndipo ojambula anailandira?

Steven Sasson wa ku Kodak anapanga kamera yoyamba ya digito mu 1975, yolemera makilogalamu opitilira atatu, ya 0.01 megapixel, ndipo inkatenga masekondi 23 kulemba chithunzi chimodzi pa kaseti. Kampani yake yomwe sinaithamangire poti ndalama zinali mu filimu, ndipo inadzagwa mu 2012. M'nyuzi digito inalowera kukhomo lakumbuyo, poyamba kunali timakina towerenga negativu n'kutumiza pa foni, kenako Kodak DCS ya 1991 yokhala ndi chibokosi chosungira chonyamula paphewa, kenako NC2000 ya 1994 imene AP inapanga ndi Kodak, ya 1.3 megapixel pa mtengo wopitilira madola 17,000. Zithunzi zake zinali zotsika poyerekeza ndi filimu, mitundu yachilendo, batire losachedwa kutha, ojambula ambiri ankadandaula, koma pa pepala la nyuzi kusiyanako sikunkaoneka kwambiri ndipo liwiro linapambana. Nikon D1 ya 1999 itabwera pa mtengo wotsikirapo, zipinda zamdima zinayamba kutsekedwa chimodzichimodzi.

Zabwino zake n'zodziwika, ukuona pompo chimene wajambula, filimu sikuthera, chithunzi chifika kwa mkonzi mpira ukadali mkati. Chimene chinatayika ndi nthawi yoganiza, komanso zithunzi zimene zimafufutidwa mu kamera momwemo chifukwa lero zikuoneka zopanda ntchito. Pa filimu chilichonse chinkatsala pa mpukutu, ndipo zina zinadzakhala zofunika patapita zaka.

Kusintha zithunzi kunayamba ndi Photoshop, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zithunzi?

Ayi ndithu. Taona kale za mtembo wa ku Gettysburg, ndipo ku Soviet Union anthu amene Stalin wathana nawo ankafufutidwa pa zithunzi ndi burashi ndi kampeni, monga Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi. Kompyuta inangochititsa kuti zikhale zosavuta komanso zosasiya chipsera. National Geographic mu February 1982 inayandikizitsa mapiramidi a ku Giza kuti akwane pachikuto, Photoshop isanatuluke n'komwe, poti inadza mu 1990. Mu 1994 Time inadetsa nkhope ya O. J. Simpson pachikuto, ndipo zinaululika chifukwa Newsweek inali pambali pake ndi chithunzi chomwecho chosasintha. Mu 2003 Los Angeles Times inachotsa ntchito wojambula amene analumikiza zithunzi ziwiri za ku Iraq, mu 2006 Reuters inasiyana ndi wina amene anawonjezera utsi pa mzinda wa Beirut. Lamulo la mabungwe akuluakulu ndi loti kuwala ndi mtundu ungakonze pang'ono, kudula m'mbali n'kololedwa, koma usachotse kapena kuwonjezera kanthu. World Press Photo imaitanitsa mafayilo oyambirira a mu kamera, ndipo mu 2015 pafupifupi chimodzi mwa zisanu zilizonse zimene zinafika chakumapeto kwa mpikisano zinachotsedwa.

Poti aliyense ali ndi foni, wojambula wa nyuzi akufunikabe?

Pa kufika koyamba foni inapambana kalekale. Tsunami ya 2004, mabomba a ku London a pa 7 July 2005 pomwe anthu anajambula ali m'njira za sitima pansi pa nthaka, ndege yotera mu mtsinje wa Hudson mu January 2009 imene chithunzi chake chinayamba kuoneka pa Twitter, vidiyo ya imfa ya George Floyd mu 2020 yojambulidwa ndi mtsikana wa zaka 17, palibe nyuzi ikanakhala ndi munthu pamalo onsewa. Eni nyuzi ena anaona ngati mpata wosunga ndalama, Chicago Sun-Times mu May 2013 inachotsa ojambula ake onse 28 n'kuyamba kuphunzitsa olemba nkhani kujambula ndi iPhone. Ine ndimaona kuti kumeneko kunali kusamvetsa ntchitoyi. Wodutsa amajambula chimene chamugwera pamaso kamodzi, pomwe wojambula wa nyuzi amabwereranso mawa ndi mkuja, amafunsa mayina, amadziwa nthawi yotsitsa kamera pamaliro, amalemba pansi pa chithunzi kuti ndi kuti, liti, ndani, ndipo zikakhala zabodza dzina lake ndi limene limayankha. Komanso kakanema ka foni kasinthanso kajambulidwe, zithunzi zambiri tsopano ndi zoimirira, nkhope pafupi, chifukwa chithunzi chotambalala chodzaza tinthu chimene chinkakoma pamasamba awiri a magazini sichioneka m'dzanja.

Nanga zithunzi za AI, zopangidwa ndi kompyuta popanda kamera, tidziwa bwanji chenicheni?

Ndi maso okha zikuvutiravutira. Mu April 2023 Boris Eldagsen anakana mphoto ya Sony World Photography Awards n'kuulula kuti chimene anapambana nacho chinali cha AI, ndipo mwezi wotsatira chithunzi chabodza cha kuphulika pafupi ndi Pentagon, likulu la asilikali a America, chinafala mpaka msika wa masheya ku America unatsika kwa kanthawi. Yankho limene makampani akuyesa ndi loti kamera izisindikiza chidindo cha digito pa fayilo nthawi yomwe batani ladinidwa, ndipo chilichonse chosinthidwa pambuyo chizilembedwa. Njirayi imatchedwa C2PA, inachokera pa ntchito imene Adobe, New York Times ndi Twitter anayamba mu 2019, ndipo Leica M11-P ya 2023 inali kamera yoyamba kugulitsidwa ili nayo, Sony, Nikon ndi Canon akutsatira. Vuto ndi loti masamba ambiri a mchezo amachotsa zolembedwa mkati mwa fayilo ukangoikapo chithunzi, munthu akajambulanso kanema wa foni yake chidindocho chimatayika, ndipo chidindo chimangotsimikiza kuti kamera inaona zimenezo, sichinena ngati zinali zochita kukonza. Nde pakadali pano akonzi akudalirabe kufunsa fayilo yoyambirira, kufufuza ngati chithunzicho chinatulukapo kale kwina, kuyerekeza mithunzi, nyengo ndi nyumba zooneka kumbuyo ndi mapu, komanso kuimbira foni amene akuti anajambulayo kuti afotokoze pomwe anaima.